Mchisu wa ku Mediterranean: masamba, zipatso ndi mafuta ake amathandiza pa chiyani kwenikweni?

Nabanda
Moni nonse pagulu pano. Funso langa ndi la mtengo wa mchisu, uja akatswiri a zomera amautcha Myrtus communis. Pa intaneti anthu akuutamanda kwambiri. Akuti umachiza zilonda za m'kamwa, chifuwa, kutsekula m'mimba, matenda a shuga, ngakhale kutaya magazi ambiri posamba. Ena akugulitsa masamba ouma, ena timabotolo ta mafuta. Zoona mtengo umodzi ungachite zonsezi? Ine chandikhudza kwambiri ndi zilonda za m'kamwa, chifukwa mayi anga zimawabwerabwera mpaka amalephera kudya bwino.

Chikondi
Moni a Nabanda. Tisanafike pa kuchiza, tigwirizane kaye mtengo wake. Myrtus communis ndi chitsamba chosayoyola masamba, chimatha kutalika mpaka mamita 5. Kwawo ndi mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kumpoto kwa Africa, mpaka ku Iran. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, onyezimira, osongoka kunsonga, ndipo amamera awiriawiri moyang'anizana. Mukaloza tsamba ku dzuwa mumaona timadontho towala, timenetu ndi timatumba ta mafuta. Mukalitikita limanunkhira. Maluwa ake ndi oyera, okhala ndi tiulusi tambirimbiri pakati, ndipo tizipatso take tikapsa timada, ngakhale ulipo mtundu wina wa zipatso zoyera. Ndi wa banja limodzi ndi gwafa ndi bulugama.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa pa malonda mitengo ingapo yosiyana kotheratu imagulitsidwa ndi dzina limodzi la myrtle. Lemon myrtle wa ku Queensland, Australia, ndi Backhousia citriodora. Crape myrtle wokongoletsa misewu ndi Lagerstroemia. Ku America ngakhale kaduwa koyanga pansi ka Vinca minor amakatcha myrtle, chonsecho kameneka si kakumwa mwachisawawa. Ngati pa paketi sanalembe Myrtus communis, musagule.

Nabanda
Zikomo achimwene. Izi za mitengo yofanana maina sindinaziganizireko.

Bambo Mwale
Mulole ndiponyepo mbiri yake, chifukwa mtengo umenewu sunayambe lero kugwira ntchito ya mankhwala. Dioscorides, sing'anga wachigiriki wa ku Anazarbus, dera limene lero lili m'dziko la Turkey, analemba buku lake la mankhwala cha pakati pa 50 ndi 70 AD. Anafotokozamo zomera pafupifupi 600, ndipo madokotala analitsatira kwa zaka zoposa 1,500. Za mchisu iye ananena kuti zipatso zake amapatsa anthu olavula magazi, masamba amaika pa zilonda zochucha, ndipo madzi owiritsa zipatsozo amadetsa tsitsi. Patapita zaka pafupifupi 1,000, Ibn Sina wa ku Persia, amene anakhala kuyambira 980 mpaka 1037, anaulembanso pakati pa mankhwala oletsa kutsekula m'mimba ndi kutaya magazi. Asing'anga a mankhwala achikhalidwe otchedwa Unani ku India ndi ku Pakistan amagwiritsabe ntchito zipatso zake mpaka pano.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti anthu onsewa, otalikirana malo ndi zaka, ankaugwiritsa ntchito makamaka pa vuto la mtundu umodzi: pamene thupi likuchucha. Kaya ndi magazi, madzi a m'mimba, thukuta lambiri, kapena chilonda chosauma. 

Owerenga Baibulo mumaudziwanso. Pa Nehemiya 8:15 nthambi zake zili m'gulu la zomangira misasa pa chikondwerero, ndipo umatchulidwanso pa Yesaya 55:13 ndi Zekariya 1:8. Ayuda mpaka lero amanyamula nthambi zake pa chikondwerero cha misasa chomwecho, chotchedwa Sukkot.

Kondwani
Bambo Mwale, ndi ulemu wonse, kukhalitsa kwa chinthu si umboni woti chimagwira ntchito. Madokotala akale omwewo ankachekanso odwala mitsempha kuti atulutse magazi oipa, ndipo mchitidwe umenewu unakhala zaka zoposa 2,000 ukufooketsa anthu amene anali ofooka kale. Ine ndikufuna kumva zimene zinayesedwa pa anthu, osati zolembedwa ndi akale okha.

Bambo Mwale
Mwanena zoona achimwene, sindikutsutsa. Komatu pa mchisu akalewo ankaona chinthu chimene lero tingathe kuchifotokoza. Mayi Nangozo ali pagulu pano, iwo ndi anamwino, atithandize.

Nangozo
Ndafika bambo. Mu mchisu muli zinthu ziwiri zikuluzikulu, ndipo ndikupempha aliyense azisiyanitse m'mutu mwake chifukwa ngozi yagona pamenepo.

Choyamba ndi tannin, amene amapezeka m'masamba ndi m'zipatso. Munamwako tiyi wakuda wokhathamira wopanda mkaka, m'kamwa n'kuuma ngati mwamangika? Ameneyo ndiye tannin. Amagwira mapuloteni a pamwamba pa khungu lofewa n'kuwakhwimitsa, ndiye pachilonda pamakhala ngati pakutidwa. Kuchucha kumachepa, ululunso umachepa. N'chifukwa chake akale aja ankaona zotsatira pa zilonda ndi m'mimba.

Chachiwiri ndi mafuta onunkhira aja. Muli cineole, yemweyo amene amapatsa bulugama fungo lake, komanso alpha-pinene ndi myrtenyl acetate. Mu labotale, mafutawa ndi zina za m'masamba, monga myrtucommulone, zimapha tizilombo tina. Koma kupha tizilombo m'kambale ka galasi n'kosiyana ndi kuchiza munthu.

A Kondwani, pa zilonda za m'kamwa ulipo kafukufuku wa pa anthu. Ku Iran, mu 2010, anafalitsa zotsatira za mankhwala opaka okhala ndi mchisu, amene anayesedwa pa anthu a zilonda zobwerabwera zija. Zilonda zinachepa kukula ndi kuwawa poyerekeza ndi pamene anapaka mankhwala opanda mchisu. Anthu ake anali ochepa, ndiye si umboni womaliza, komabe ukugwirizana ndi mmene tannin amagwirira ntchito.

Kondwani
Chabwino, pamenepo ndamva. Ndiye ndi kuchepetsa ululu, osati kuthetsa matenda.

Nangozo
Ndendende. Ndipo a Nabanda, apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino. Tizilonda tozungulira, toyera pakati, tofiira m'mbali, timapola tokha pakati pa masiku 7 ndi 14. Mchisu ungafewetse masiku amenewo, koma suletsa kuti zibwerenso. Zikamabwerabwera timafunsa kuti n'chifukwa chiyani. Nthawi zina ndi kuchepa kwa ayironi, vitamini B12 kapena folate m'thupi. Nthawi zina ndi dzino lothyoka kapena mano oikirira amene akukhula tsaya. Ngati m'kamwa muli zoyera zofufutika, ameneyo ndi fangasi, ndipo amakonda anthu a shuga ndi amene chitetezo chawo chatsika. Ndipo chilonda chimodzi chikapitirira masabata 3 osapola, makamaka kwa munthu wamkulu, kapena wosuta fodya, chiyenera kuonedwa kuchipatala chifukwa khansa ya m'kamwa imayamba choncho. Mayi anu akayezetse magazi. Musangowapatsa chotsukira m'kamwa n'kukhala chete.

Nabanda
Ndamva mayi, ndiwatengera. Koma podikirapo, masambawo ndingawakonze bwanji?

Agogo Phiri
Mwana wanga, ntchito yake si yovuta. Tapa masamba ouma kasupuni kamodzi, thira m'kapu ya madzi amene angowira kumene, vindikira, dikira mphindi 10. Kuvindikirako n'kofunika chifukwa fungo lija limathawa ndi nthunzi. Sefa bwino, azizire, ndiye mayi ako azichukucha m'kamwa n'kulavula. Asameze. Ukonze atsopano tsiku lililonse, a dzulo utaye. Akaona kuti m'kamwa mukuyabwa kapena milomo ikutupa, asiye pomwepo. Madzi omwewo amathandiza nkhama zotuluka magazi, komabe mswachi usasiyidwe.

Nangozo
Agogo afotokoza bwino, ndilibe chochotsapo.

Tadala
Pepani kulowerera. Ine ndili ndi kabotolo ka mafuta a mchisu, kolembedwa Myrtus communis ndithu. Mwana wanga wa chaka chimodzi ndi miyezi 4 ali ndi chifuwa. Ndimaganiza zomudonthezera kadontho kamodzi m'madzi akumwa, kapena kumupaka pansi pa mphuno usiku. Ndi bwino?

Nangozo
Ayi a Tadala, chonde musachite chilichonse mwa ziwirizo. Mafuta okhala ndi cineole akayandikira mphuno kapena pakamwa pa mwana wamng'ono angathe kuchititsa kuti kholingo lake lidzitseke mwadzidzidzi, mwana n'kubanika. Akameza, angathe kusanza, kufooka, kukomoka kapena kugwidwa khunyu, ndipo akasanza mafutawo angalowe m'mapapo. Komanso mafuta sasungunuka m'madzi. Kadontho kaja kamangoyandama pamwamba, mwana n'kukameza konse kali kokhathamira. Kabotolo kameneko kaikeni pamwamba pamene mwana sangafike.

Za chifuwacho, muzimupatsa zakumwa pafupipafupi, ndipo ngati akuyamwa apitirize. Muwerenge mpweya wake ali phee. Pa msinkhu wakewo, akamapuma maulendo 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kapena pansi pa nthiti pakamalowa mkati popuma, kapena akakana kudya ndi kumwa, thamangani naye kuchipatala lero lomwe. Chimenecho chingakhale chibayo.

Tadala
Zikomo kwambiri mayi. Ndimaona ngati poti ndi za m'masamba ndiye n'zofatsa.

Chikondi
Ambiri amaganiza choncho achemwali. Kuti mafutawa apezeke amadutsitsa nthunzi m'masamba ambiri, ndipo kilogalamu yathunthu ya masamba imatulutsa magalamu ochepa chabe a mafuta. Ndiye m'kabotolo kanu kakang'onoko mwaunjikana mphamvu ya masamba odzaza thumba. Tannin uja, amene amathandiza pa zilonda, sakwera ndi nthunzi, amatsalira m'masamba. Choncho amene akugula mafuta pofuna ntchito zimene Bambo Mwale atchula zija akugula chinthu china. Ngakhale mafutawo amasiyanasiyana potengera kumene mtengo wamera. A ku Corsica amakhala ndi alpha-pinene wambiri, pamene a ku Morocco amakhala ndi myrtenyl acetate wambiri.

Limbani
Koma anzanga, ku Germany amagulitsa makapisozi a GeloMyrtol m'mafamase, a chifuwa ndi mphuno zotsekeka. Anthu amameza amenewo. Nanga si mafuta a mchisu omwewo?

Kondwani
Amenewo ndinawerengako a Limbani. Mwa magawo 100 a mafuta a m'kapisozimo, 66 ndi a bulugama, 32 ndi a malalanje, 1 ndi la mandimu, ndipo mchisu ndi gawo 1 lokha. Anayesedwadi pa anthu ndipo amathandiza kusungunula makhololo, koma ntchito yaikulu akugwira ndi bulugama ndi malalanje. Ogulitsa mafuta a mchisu akamatchula kafukufuku ameneyu ngati umboni wawo, akutinamiza.

Nangozo
Ndiwonjezere kuti makapisoziwo ali ndi mlingo woyezedwa, ndipo anakutidwa mwapadera kuti akasungunukire m'matumbo, osati m'chifu. Si zofanana ndi kudontheza mafuta m'kapu. Kwa munthu wamkulu wa chimfine, kufukiza nthunzi ya masamba kumatsegula mphuno kwa kanthawi, bola asamale madzi otentha, ndipo wa mphumu ayambe wafunsa kaye. Koma chifuwa chopitirira masabata 2, chokhala ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, n'chokayezetsa TB.

Agogo Phiri
Ana inu mwaupanikiza mtengowu, mulole ndiuyankhulireko. Pa kutsekula m'mimba kwa munthu wamkulu, koyamba chifukwa chodya china chake chosayanjana naye, zipatso zouma za mchisu zowiritsa zimamanga m'mimba ndithu. Asing'anga a ku Persia ndi a Chiarabu sanali opusa pozisunga m'nkhokwe zawo za mankhwala zaka zonsezi. Osamanyoza chilichonse chimene sichinatuluke m'fakitale.

Nangozo
Agogo, sindikunyoza ayi, ndipo pa munthu wamkulu wa kutsekula kwa tsiku limodzi kapena awiri sinditsutsana nanu. Nkhawa yanga ili apa: chimene chimapha pa kutsekula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Tannin angachepetse maulendo akuchimbudzi, munthu n'kumaona ngati zapola, chonsecho madzi amene anatayika sanabwezeretsedwe. Choyambirira ndi ORS. Ngati palibe paketi, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Kwa ana timawonjezera zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo ana aang'ono sitiwapatsa zomanga m'mimba. Chimbudzi chikakhala ndi magazi, kapena chamadzi okhaokha ochuluka monga mwa kolera, kapena thupi likatentha kwambiri, pamenepo palibenso za mchisu.

Agogo Phiri
Pa ana ndi pa kamwazi tili pamodzi, mwana wanga. Madzi atsogole. Ine ndimangokana zoti mtengowu ulibe ntchito.

Kondwani
Agogo, palibe wanena kuti ulibe ntchito. Ine ndemwe ndavomera kale za m'kamwa zija.

Nachisale
Amayi anzanga, ndifunseko za kusamba zija a Nabanda anatchula poyamba. Alipo akudziwa?

Bambo Mwale
Amayi andikhululukire poyankha nkhani yawo, ndingonena za mbiri. M'mankhwala achikhalidwe a ku Persia amaphika zipatso za mchisu n'kupanga madzi otsekemera okhathamira, ndipo amapatsa amayi otaya magazi ambiri. Mu 2014 ofufuza a ku Iran anafalitsa kafukufuku woyesera wa amayi 30. Amene anamwa madzi a mchisu masiku awo otaya magazi anachepa kusiyana ndi anzawo. Ndi kafukufuku woyambira chabe, woonetsa kuti nkhaniyi ndi yoyenera kuifufuza mokulirapo.

Nangozo
A Nachisale, amayi 30 ndi ochepa kwambiri kuti tiuze mayi aliyense kuti amwe. Komanso m'kafukufuku wotere amayi amayamba apimidwa asanalowemo. Mayi amene ali kunyumba sadziwa chimene chikumutayitsa magazi. Zingakhale zotupa za m'chiberekero, njira yolera imene akugwiritsa ntchito, mimba imene ikuchoka iye osadziwa kuti anali woyembekezera, kapena khansa ya khomo la chiberekero. Ine zimandipweteka mtima kuona mayi akubwera mochedwa chifukwa magazi anachepako pang'ono ndi mankhwala a kunyumba, chotupa chikukula mwakachetechete. Ngati mukusintha nsalu kapena padi ola lililonse, ngati msambo ukupitirira masiku 7, ngati mukutaya magazi mukakhala pamodzi ndi abambo, kapena munasiya kale kusamba ndiye magazi abweranso, kapimitseni. Oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe mchisu ngati mankhwala, makamaka mafuta ake.

Nachisale
Zikomo mayi, mwalankhula mosabisa. Ndiuzanso mng'ono wanga.

Limbani
Nanga shuga? Pamenepo ndi pamene ogulitsa akukuwa kwambiri.

Chikondi
Ku Turkey, ku Algeria ndi ku Morocco anthu akumidzi amamwadi madzi a masamba ake pofuna kutsitsa shuga, ndipo ofufuza za mankhwala achikhalidwe analemba zimenezi. Poyesa pa makoswe ndi akalulu, shuga anatsikako. Umboni wambiri umene ulipo ndi wa nyama zimenezi.

Nangozo
Ndiye amene ali pa metformin kapena insulin asasiye. Shuga wokwera sawawa, amawononga maso, impso ndi mapazi munthu akudzimva bwinobwino. Ndipo amene akumwa zonse ziwiri, mankhwala akuchipatala ndi mchisu, auze dokotala wake, chifukwa ngati mchisuwo ukutsitsadi shuga, angatsike mopitirira mpaka munthu kukomoka. Chinanso, tannin amagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Wochepa magazi amene akumwa mapiritsi a ayironi asamatsirize ndi madzi a masamba amenewa.

Nabanda
Ndiye mayi anga akapezeka ndi vuto la ayironi, kuchukucha kuja kulibe vuto?

Nangozo
Kulibe, poti akulavula.

Limbani
Ndinaonanso kuti ku Italy amapanga chakumwa cha mchisu. Chimenechonso ndi mankhwala?

Bambo Mwale
Chimenecho ndi mirto, cha ku zilumba za Sardinia ndi Corsica. Amaviika zipatso zakupsa mu mowa waukali kwa masabata angapo, n'kuthira shuga kapena uchi. Chofiira chimachokera ku zipatso zakuda, ndipo choyera kawirikawiri chimachokera ku masamba. Eni ake amamwa pang'ono akatha kudya, amati chimakhazika m'mimba. Koma ndi mowa, achimwene, tisaupatse dzina la mankhwala. Ku Sardinia komweko amayalanso nthambi zake pa nyama ya nkhumba yowotcha kuti inunkhire, ndipo Aroma akale ankakometsera chakudya ndi zipatso zake tsabola wakuda asanachuluke kwawoko.

Ku Africa kuno uliponso m'manja mwa anthu. Ku Ethiopia amautcha ades, ndipo amayi amasakaniza masamba ake osinja ndi batala n'kudzola kumutu. M'mapiri a pakati pa chipululu cha Sahara, monga Hoggar ndi Tassili n'Ajjer ku Algeria, mumamera m'bale wake, Myrtus nivellei, amene Atuareg amamwa pa vuto la m'mimba.

Tadala
Nanga poti mafuta ndagula kale, wamkulu angawagwiritse ntchito bwanji? Ndili ndi ziphuphu kumaso.

Nangozo
Osapaka okhaokha, amatentha khungu. Kadontho kamodzi kapena tiwiri mu supuni yaing'ono ya mafuta wamba odzola. Yambani mwapaka pang'ono mkati mwa mkono, mudikire tsiku lathunthu muone ngati pafiira kapena payabwa. Kutali ndi maso, ndipo musambe m'manja musananyamule mwana. Popeza mwana wanu amagundana ndi nkhope yanu tsiku lonse, ine ndikanakonda mugwiritse ntchito madzi a masamba aja popukuta kumaso, mafutawo adikire mwana akule.

Woyang'anira gulu
Ndachotsa uthenga wa munthu amene amatsatsa mafuta a mchisu ponena kuti amachiza khansa ndi HIV. Pagulu pano sitilola zimenezo. Pitirizani kukambirana.

Nachisale
Mwachita bwino. Funso langa lomaliza ndi kwa a Chikondi. Munthu atapeza mtengo weniweniwo, angaudzale? Nanga masamba angawasunge bwanji?

Chikondi
Umadzalika achemwali, ngakhale mu mphika waukulu wa maluwa. Njira yachangu ndi kudula kanthambi kongoyamba kukhwima, kotalika masentimita 10, kuchotsa masamba a m'munsi n'kukazika mu dothi la mchenga lonyowa pang'ono. Umafuna dzuwa lokwanira ndi dothi losasunga madzi. Ukakhazikika umapirira chilala, koma mizu yake imawola madzi akamadikha.

Masamba muzithyola m'mawa mame atauma. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, chifukwa kutentha kumauluza mafuta aja. Akauma mpaka kuthyoka mukawapinda, sungani m'botolo lagalasi lotseka bwino, pamalo amdima. Mukatikita tsamba osamvanso fungo, kapena mukaona nkhungu, tayani. Zipatso zimafuna masiku ochulukirapo kuti ziume mpaka mkati. Ndipo mbande yogula kwa ogulitsa maluwa kawirikawiri imakhala yopoperedwa mankhwala ophera tizilombo, choncho masamba amene yabwera nawo musagwiritse ntchito. Dikirani iphuke atsopano ali m'manja mwanu.